HUGH TRACEY, MZUNGU AMENE ADASULANSO KALIMBA

Aliyense amene adakulira pafupi ndi mishoni akulidziŵa limba. Ndi chibokosi chija cha mano oyera ndi akuda chimene chinkakhala kutsogolo m'tchalitchi, woimba akuchipopa ndi mapazi uku zala zikuyenda pamwamba. Koma ndi angati mwa ife amene adayamba adzifunsapo kumene dzinali lidachokera? Amishoni sadabwere nalo ai, adalipeza konkuno. Makolo athu adali ndi malimba ao a mitengo, aja anzathu a kuchigwa cha Shire amati valimba kapena ulimba, ndipo adalinso ndi kalimba, ndiye kuti limba laling'ono, kathabwa ka mano achitsulo koimba ndi zala zamanthu. Chibokosi cha Azungu chitafika, anthu adangochitcha dzina la chinthu chimene ankachidziŵa kale.

Motero limodzi mwa malimba akale m'dera lino la Africa ndi kalimba ndi abale ake, monga sansi ndi mbira. Wansembe wina wachipwitikizi, João dos Santos, amene adafika ku Sofala m'chaka cha 1586, adalemba m'buku lake la 1609 za choimbira cha mano asanu ndi anai achitsulo chimene anthu akumeneko ankachiliza ndi zikhadabo. Kuno kwathu ku Nchenachena nkhani ya chitsulo si yachilendo. M'mapiri amene atizungulira, Aphoka adatchuka kalekale ndi kuyenga chitsulo, ndipo mabwinja a ng'anjo zao akuonekabe m'madera ena a Nyika. Kumene kunali wosula khasu, dzino la kalimba silinali lovuta. Ng'anjo zitazima, amisiri adayamba kusula manoŵa kuchokera ku misomali, masipoko a njinga ndi nthiti za ambulera.

Lero tikamba za munthu amene adakatola kalimba kameneka pamene kanali kuyamba kuiŵalika, nakakonzanso, nakatumiza kutsidya la nyanja kumene kadakakumana ndi magetsi. Dzina lake ndi Hugh Tracey. Mbiri yake ili ndi zoyamika zambiri, koma ilinso ndi mfundo imodzi yoti aphunzitsi ndi achinyamata aiganizire mofatsa.

Bambo Tracey adabadwa pa 29 January 1903 m'mudzi wa Willand, m'boma la Devon ku England. Sadapite ku yunivesite, ndipo sadaphunzire za nyimbo kusukulu yaukachenjede ina iliyonse. Atangomaliza sukulu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, adakwera sitima kutsata mkulu wao Leonard, amene adali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo adapatsidwa malo olima fodya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Kumundako mnyamatayu ankagwira ntchito pamodzi ndi Akaranga. Adaphunzira chinenero chao, ndipo pomva nyimbo zao zolimira ndi za madzulo adayamba kuziimba nao ndi kuzilemba. Azungu anzake ankamuseka. Kwa iwo nyimbo za Akuda zidali phokoso chabe, ndipo amishoni ambiri ankaziyesa zachikunja.

M'chaka cha 1929 akatswiri a kampani ya Columbia adafika ku Johannesburg ndi makina ojambulira mau pa mbale za galamafoni. A Tracey adatenga anyamata 14 Achikaranga ndi kupita nao kumeneko kukajambulitsa nyimbo zao. Patapita zaka ziŵiri, ali ku London, adaonetsa zina mwa mbalezi kwa akatswiri aŵiri opeka nyimbo, Ralph Vaughan Williams ndi Gustav Holst. Akuluakuluwo adaŵalangiza kuti asataye nthaŵi ndi kuyesa kumasulira nyimbozo ndi malamulo a ku Ulaya, koma abwerere akajambule zambiri monga angathere. Malangizo ameneŵa ndiwo adakhala ntchito ya moyo wao wonse. Ndi thandizo la bungwe la Carnegie, m'zaka za 1932 ndi 1933 adayendera midzi ya ku Southern Rhodesia akujambula nyimbo mazanamazana pa mbale za aluminiyamu. Lipoti limene adalemba pambuyo pake lidadzudzula mipingo chifukwa chothothola nyimbo za makolo, ndipo silidasindikizidwe nthaŵi imeneyo.

Za zaka zotsatira tingodumpha msanga. Adaloŵa ntchito ya pa wailesi, nakhala mkulu wa nyumba youlutsira mau ku Durban kuyambira 1936 mpaka 1947. Ali komweko adakopeka ndi malimba aakulu a Achopi a ku Mozambique, otchedwa timbila, ndipo mu 1948 adatulutsa buku lofotokoza za oimba ameneŵa. Atasiya za wailesi adapeza thandizo kwa Eric Gallo, mwini kampani ya mbale za galamafoni, ndipo mu 1954 adakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music ku Roodepoort, pafupi ndi Johannesburg. Ndalama zoyambira zidachokera ku bungwe la Nuffield la ku Britain ndi ku makampani a migodi.

Maulendo ao ndiwo adaŵatchukitsa. Ankayenda ndi magalimoto odzaza katundu kuchoka ku South Africa mpaka ku Congo, Uganda ndi Kenya. Popeza kumidzi kunalibe magetsi, ankanyamula injini yaoyao, ndipo ankaiimika patali kuseri kwa chulu kapena nyumba, nakoka chingwe chachitali, kuti kulira kwa injiniyo kusaloŵe m'nyimbo. Maikolofoni sankaiika pamtengo. Ankaigwira m'manja, nkumaiyendetsa pakati pa oimba, apa aiyandikiza kwa wotsogolera, apa kwa ovomera, apa ku ng'oma, kotero kuti womvera mbaleyo amamva chigawo chilichonse pachokha nyimbo isanathe. Akatha kujambula ankaiseŵeranso nyimboyo kuti eni ake adzimve, ndipo kwa ambiri aka kadali koyamba kumva mau ao akutuluka m'makina. Ku Jadotville, mzinda wa ku Congo umene lero ndi Likasi, mu 1952 adapeza mnyamata woimba gitala, Jean Bosco Mwenda, amene nyimbo yake ya Masanga idamveka dziko lonse.

Kuno ku Nyasaland adajambula m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958. Adatenga nyimbo za Amang'anja, Ayao, Acheŵa, Atonga ndi Atumbuka: za bangwe, za kalimba, za malipenga, za amai pamtondo. Ambiri mwa oimbawo adamwalira kalekale, ndipo pakadapanda matepi ameneŵa mau ao akadapita nao kumanda. Zimene adasonkhanitsa m'maiko onse adazikonza m'mbale 210 za mndandanda wotchedwa Sound of Africa, wa ophunzira, ndi zina 25 za Music of Africa, zogulitsa kwa anthu wamba. Nyimbo iliyonse inali ndi khadi lake, lolembedwa dzina la woimba, mtundu wake, malo ndi tanthauzo la mau.

Tsono pali kabokosi kena kamene a Tracey sankakasiya pa ulendo uliwonse, ndipo nkhani yathu yagona pamenepo. M'kabokosimo munali timafoloko tachitsulo 54 toyezera mau. Kafoloko kotere ukakamenya kamalira mau amodzi osasintha. Koyamba kankanjenjemera ka 212 pa sekondi imodzi, kotsatira ka 216, choncho kumakwera ndi kanai kanai mpaka kufika pa 424. Akapeza woimba kalimba kapena limba la mitengo, ankaliza dzino limodzilimodzi nkumafuna kafoloko kofanana nalo, nalemba nambala yake. Pochita izi zaka zambiri adatsimikiza chinthu chimene Azungu ambiri sankachivomera: kuti woimba wakumudzi sakhala akuphonya do re mi, koma ali ndi makwerero akeake a mau, ndipo amaŵasunga mosamala.

Aphunzitsi amene adaphunzira sol-fa akudziŵa kuti pa makwerero a limba la m'tchalitchi masitepe sali ofanana. Kuchoka pa mi kufika pa fa, ndiponso pa ti kufika pa do, sitepe ndi yaifupi, theka la anzake. Koma timbila za Achopi zimagaŵa mtunda womwewo m'masitepe asanu ndi aŵiri otalika pafupifupi mofanana, ndipo malimba a kuchigwa cha Zambezi ndi Shire sali kutali ndi kachitidwe kameneka. Mitundu ina imagwiritsa masitepe asanu okha, ina asanu ndi limodzi. Nchifukwa chake nyimbo ya agogo ukaiika pa limba la m'tchalitchi imamveka ngati munthu wovala nsapato za mnzake: akuyenda ndithu, koma mapazi akutsina. Amishoni ena adazindikira zimenezi. Ku Loudon, kumene lero timati Embangweni, Donald Fraser adalimbikitsa Akhristu Achingoni ndi Achitumbuka kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo ao. Koma m'sukulu zambiri do re mi ndiye adakhala mfumu.

Palibe Mzungu wa nthaŵi imeneyo amene adadziŵa kusiyana kumeneku kuposa Hugh Tracey. Ndipo ndi yemweyo amene adatenga kalimba nakaveka do re mi.

Zidayenda motere. A Tracey ankaona kuti achinyamata akutaya kalimba nkuthamangira gitala ndi banjo, makamaka m'matauni ndi m'migodi. Ankafunanso kuti anthu a kunja adziŵe kuti Africa ili ndi choimbira chimene sichipezeka kwina kulikonse. Motero mu 1954 adayambitsa kampani ya African Musical Instruments, ndipo atayesa mitundu yambiri adatulutsa kalimba katsopano. Thupi lake lidali kabokosi ka mlombwa, mtengo womwe uja amisiri athu amaukonda pa zitseko ndi mipando. Pamwamba padali boo lalikulu, kunsi timaboo tiŵiri totseka ndi kutsekula ndi zala kuti mau azigwedezeka. Mano adali 17, a chitsulo cholimba cha kufakitale. Lalitali koposa, la mau aakulu, lidali pakati, ndipo enawo ankafupika kumka m'mbali, mau akukwera mosinthana, kumanja, kumanzere, kumanja. Mano ena adaŵapaka utoto kuti wophunzira asasochere. Pambuyo pake kudabwera kena ka mano 15 ka mau okulirapo. Dzina adatenga la kwathu kuno, kalimba, monga amanenera anthu a ku Malaŵi, ku Zambia ndi kuchigwa cha Zambezi.

Kunena zoona, kanali kachipangizo kokongola ndi kolimba, ndipo mwana aliyense akadatha kulizapo nyimbo ya kusukulu tsiku lomwelo. Koma zinthu ziŵiri zidatsala pakhomo. Choyamba ndi makwerero a mau a makolo, popeza manowo adaŵalinganiza ndi limba la ku Ulaya. Chachiŵiri ndi kunzerezera. Aŵerengi amene adamvapo kalimba ka kumudzi akukumbukira kuti sikalira mbee ngati belu. Woimba amamangirira tizigoba ta nkhono, timikanda tachitsulo kapena zitsekerero za mabotolo, ndipo ena amamata kachikopa koyera ka mazira a kangaude pa boo la chipanda, kuti dzino likalira pamveke kunjenjemera kotsatana nalo. Kwa ife kumeneko ndiko kukoma kwake, ndiwo mchere wa nyimboyo. Makutu a Azungu ambiri amakumva ngati chilema cha choimbira chosweka. Kalimba ka a Tracey kadatuluka kopanda mchere umenewu.

Ena amaŵaikira kumbuyo ponena kuti njuchi ikakhala yako umaifukiza monga ungathere, ndipo popanda kusintha kotere kalimba sikakadaoloka nyanja. Mwina nzoona. Ine ndiona kuti munthu amene adayenda zaka makumi atatu akudandaula kuti do re mi akupha nyimbo za Africa ankadziŵa bwino lomwe chimene adali kuchita, ndipo adasankha msika.

Msikawo udavomera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960 makalimba a mlombwa adayamba kutumizidwa kunja, ndipo ku America kampani ina ya zidole za ana, Creative Playthings, inkaŵagulitsa. Ana aŵiri a Bambo Tracey, Andrew ndi Paul, adali m'seŵero la nyimbo lotchedwa Wait a Minim! limene lidayamba ku South Africa mu 1962, nkukafika ku London mu 1964 ndi ku New York mu 1966, ndipo anthu zikwizikwi adakaona kalimba koyamba m'seŵero limeneli.

Kumeneko ndiko kudabwera magetsi. Vuto la kalimba ndi lakuti mau ake ngochepa. Ndi choimbira cha munthu woyenda yekha panjira, kapena cha anthu oŵerengeka pamoto madzulo. Pakati pa ng'oma, malipenga ndi magitala amagetsi sikangamveke. Mankhwala ake ndi kachipangizo komata pathabwa, kamene kamamva kunjenjemera nkukusandutsa timagetsi tochepa, timene chimkuzamau chimatikuza. Woimba wakuda wa ku America, Maurice White, amene adayambitsa gulu la Earth, Wind & Fire, adatenga kalimba nakalumikiza ku makina otere, nakaimba pamaso pa makamu m'mabwalo aakulu. Mu 1974 gululo lidatulutsa nyimbo yotchedwa Kalimba Story, ndipo White adatcha kampani yake yojambula nyimbo dzina lomwelo la Kalimba. Kwa Akuda a ku America kathabwa kameneka kadali ngati kalata yochokera kwao kwa makolo, ngakhale kuti kalatayo idadzera m'manja mwa Mngelezi. Patsogolo pake kampani ya a Tracey idayamba kugulitsa makalimba okhala ndi pobaya chingwe cha chimkuzamau.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa kudali njira inanso yoperekera kalimba ku magetsi, ndipo adaipeza ndi Mwafirika. Ku Kinshasa, m'zaka za m'ma 1960, Mingiedi Mawangu wa mtundu wa Azombo adayambitsa gulu limene lidadzatchuka ndi dzina la Konono No. 1. Iye ankaimba likembe, mbale wake wa kalimba, ndipo phokoso la mumzinda linkamiza nyimbo zake. Posoŵa ndalama zogulira zipangizo za kusitolo, adatola maginito m'magalimoto akufa, naŵakulunga ndi waya wamkuŵa. Dzino lachitsulo likamanjenjemera pafupi ndi maginito okulungidwa chotero, m'wayamo mumabadwa magetsi otsata kunjenjemerako. Mauwo adaŵatulutsira m'zimkuzamau zakale zooneka ngati malipenga. Zotulukazo zidali zokalipa, zonzerezera koopsa, ndipo iye sadayese kuzichotsa. Chimene a Tracey adachisiya pakhomo, Mingiedi adachikuza mpaka kugwedeza makoma. Chimbale chao cha Congotronics chitatuluka mu 2004, achinyamata a ku Ulaya okonda nyimbo za makina adachilandira ndi manja aŵiri.

Tibwerere kwa mwini nkhani. Sitingabise kuti Bambo Tracey adali mwana wa nthaŵi yake. Ntchito yao idakula pansi pa ulamuliro wa atsamunda ndi wa tsankho. Makampani a migodi amene ankaŵathandiza, omwe aja ankatenga abale athu pa Wenela kupita nao ku Joni, adali ndi zolinga zao: ankafuna kuti wantchito azisangalala ndi magule a mtundu wake m'komponi, azidziona ngati mlendo wodzabwerera kumudzi. A Tracey adalemba buku la magule a m'migodi mu 1952, ndipo iwo omwe ankakhulupirira kuti Mwafirika weniweni ndi wakumudzi, nakayikira nyimbo zambiri za m'tauni. Akatswiri a masiku ano aŵadzudzula pa zimenezi, ndiponso pa nkhani yakuti umwini wa nyimbozo udakhala m'manja mwa nkhokwe yao, osati mwa oimba. Koma ngakhale odzudzulawo, akafuna kumva mmene agogo ao ankaimbira mu 1950, amapita ku matepi omwewo.

Loto lao lalikulu, limene likutikhudza ife aphunzitsi, silidatheke. M'zaka za m'ma 1960 adakonza chikonzero choti akatswiri ayende m'maiko a Africa, alembe malamulo a maimbidwe a mtundu uliwonse, ndipo atulutse mabuku oti ana asukulu aziphunzira nyimbo za kwao monga amaphunzirira galamala ya chinenero chao. Bungwe la Ford lidathandiza poyamba, ndipo kabuku kolongosola ntchitoyo kadatuluka mu 1969. Koma ndalama sizidapitirire, ndipo maiko amene adali atangolandira ufulu sakadagwirizana ndi ntchito yochokera m'dziko la tsankho. Mabukuwo sadalembedwe.

Bambo Tracey, amene Yunivesite ya Cape Town idaŵapatsa digiri yaulemu ya udokotala, adamwalira pa 23 October 1977, ali ndi zaka 74, ndipo adaikidwa pa famu yao ya Saronde pafupi ndi Krugersdorp. Chaka chotsatira mwana wao Andrew adasamutsira nkhokwe ija ku Rhodes University, mumzinda wa Grahamstown umene tsopano ukutchedwa Makhanda. Andrew yemweyu, amene adamwalira mu 2024, adaphunzira kalimba kwa Jege Tapera ku Bulawayo, munthu amene adatenga maimbidwewo kudera la Tete. Mu 1972 adalemba nkhani yosonyeza kuti m'kati mwa mitundu yambiri ya mbira ya ku Zimbabwe ndi Mozambique mwabisala mano asanu ndi atatu oyalidwa mofanana, ndipo adaganiza kuti kalimba kakang'ono ka mano asanu ndi atatu, konga kamene kamapezeka ku Malaŵi ndi ku Zambia, ndiko kholo la zonsezo.

Makalimba ambiri amene akugulitsidwa m'masitolo ndi pa intaneti masiku ano amapangidwa m'mafakitale a ku China. Ali ndi mano 17, lalitali pakati, oyalidwa mosinthana pa do re mi, monga momwe Mngelezi uja adakonzera ku Roodepoort, ndipo ogula ambiri sadziŵa kuti dzinalo ndi la chinenero chathu. Matepi aja adasamutsidwira pa kompyuta, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 2010 nkhokweyo idayamba kubweza makope a nyimbo kumidzi ina kumene zidajambulidwa. Mu 2016 kudatuluka chimbale chotchedwa Beating Heart Malawi, m'mene oimba a nyimbo za makina, monga Rudimental ndi Ibibio Sound Machine, adadula timagawo ta nyimbo zimene a Tracey adajambula kuno nkutiluka ndi ng'oma za pa kompyuta. Nyimbo zenizenizo, zosadulidwa, zidatulutsidwanso ndi kampani ya SWP ya ku Netherlands m'zimbale ziŵiri, china cha kummwera ndi pakati, china cha kumpoto ndi pakati, ndipo chachiŵirichi ndicho chili ndi mau a Atonga ndi Atumbuka.